Alamu, za masheya a Nvidia zija

Alamu, ndaliona funso lanu pagulupa, loti kodi ndalama zomwe mwasunga muziike zonse mu masheya a Nvidia, kampani ya ku America yopanga tchipisi ta makompyuta ija, poti akukwera. Ndayankha ndi mawu chifukwa kulemba kukanatalika. Zonse ayi. Gawo lochepa mukhoza, koma imvani kaye chifukwa chake.

Ubwino wa kampani ndi nkhani ina, mtengo womwe mwagulira sheya yake ndi nkhani inanso. Tengani Cisco. Mu Marichi 2000 inafika pokhala kampani ya mtengo waukulu kuposa ina iliyonse padziko, poti zipangizo zake ndi zomwe zinkayendetsa intaneti. Ndipo anthu sananame, intaneti inakuladi, Cisco nayonso inapitiriza kugulitsa n'kumapanga phindu. Koma sheya yake inatsika ndi maperesenti oposa 80, moti amene anagula pamwamba paja anadikira zaka zoposa 20 asanauonenso mtengo womwe anagulira. Nasdaq yonse, msika wa masheya wa ku America womwe uli ndi makampani ambiri a tekinoloje, inatsika pafupifupi 78 peresenti pakati pa 2000 ndi 2002, n'kudzabwerera pamalo pake mu 2015. Zaka 15 zimenezo, alamu. Muwerengerenso bwino apa: madola 100 akatsika ndi theka atsala 50, ndiye kuti abwerere ayenera kuwirikiza kawiri. Akatsika ndi 80 peresenti atsala 20, pamenepo ayenera kuwirikiza kasanu.

Nanga amagweranji chonchi? Masheya a makampani okula msangawa mtengo wake umatsamira pa phindu la m'tsogolo, lomwe silinabwere. Chiwongoladzanja chikakwera, anthu amaona kuti kukongoza boma ndalama kukulipira bwino popanda chiopsezo chachikulu, basi amasiya kulipira zambiri chifukwa cha lonjezo. Mu 2022 Federal Reserve, banki yaikulu ya America, inakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupi ndi ziro kufika kupitirira 4 peresenti. Chaka chomwecho Nasdaq inatsika 33 peresenti, Meta (eni Facebook) pafupifupi 64, Nvidia yomweyi theka. Pa 27 Januwale 2025 Nvidia inatsikanso pafupifupi 17 peresenti tsiku limodzi, chabe chifukwa cha nkhani ya DeepSeek, kampani ya AI ya ku China.

Tsono chitani izi. Patulani kaye ndalama zokwanira kudya ndi kulipira zofunika kwa miyezi itatu mpaka sikisi. Ngongole ya chiwongoladzanja chokwera ibwezeni kaye. Ndalama yomwe mudzaifune pasanathe zaka zisanu isalowe kumeneku ngakhale pang'ono. Pa zotsalazo, ine ndinganene kuti kampani imodzi isapitirire 5 peresenti, zochulukazo zipite mu ETF (thumba la masheya a makampani ambiri lomwe mumagula ngati sheya imodzi) yotsatira S&P 500, yomwe imakugawirani ndalama m'makampani mazana asanu. Dziwaninso kuti Nvidia, Apple ndi Microsoft ali kale m'menemo ndipo ndi aakulu, ndiye mukagula ETF ya Nasdaq-100 n'kuwonjezeranso Nvidia payokha, mwagula chinthu chimodzi katatu. Muzigula mwezi ndi mwezi ndalama yofanana, kaya msika wakwera kaya watsika, kuti musapezeke mwathira zonse tsiku lomwe mtengo unali pamwamba.

Musanagule kampani, werengani malipoti ake. Kampani za ku America zimapereka 10-K pachaka ndi 10-Q pakatha miyezi itatu, ndipo ali aulere pa webusaiti ya SEC, bungwe la boma la America loyang'anira misika ya masheya. Onani ngati malonda akukulabe kapena kukulako kwayamba kuchepa, chifukwa msika umalanga kuchepako ngakhale phindu lilipo. Onani ndalama zenizeni zotsala m'manja kampani ikalipira zonse, amazitcha free cash flow. Chomwe ambiri sachiyang'ana ndi chiwerengero cha masheya: makampani a tekinoloje amakonda kulipira antchito ndi masheya, ndipo chiwerengerocho chikamakwera chaka ndi chaka gawo lanu likuchepa inu osadziwa. Kwa Nvidia funsani kuti akugula ndani. Gawo lalikulu la tchipisi zake limathera kwa makampani ochepa monga Microsoft, Amazon, Alphabet ndi Meta, moti awiri okha atachepetsa kugula, zimveka msanga. Kenako P/E. Ikakhala 50, ndiye kuti mukulipira madola 50 pa dola imodzi ya phindu la pachaka, ndipo kampaniyo iyenera kukula kwambiri kwa zaka zambiri kuti mtengowo ukhale woyenera.

Pa broker, kampani yokugulirani ndi kukugulitsirani masheya, ndiye musamale kwambiri. Akhale wolembetsedwa ndi bungwe la boma loyang'anira misika, ndipo nambala ya chiphaso chake mukaitsimikizire nokha pa webusaiti ya bungwelo. Onetsetsani kuti mukugula sheya yeniyeni, osati CFD, yomwe ndi kubetcha pa mtengo ndi ndalama zangongole. Bungwe la ESMA loyang'anira misika ku Ulaya linapeza mu 2018 kuti anthu wamba 74 mpaka 89 pa 100 aliwonse amaluza pa CFD. Margin, yomwe ndi kugula masheya ndi ngongole ya kwa broker, nayonso ikaneni, chifukwa mtengo ukatsika broker amakugulitsirani masheya anu mokakamiza, nthawi yoipitsitsa. Pogula gwiritsani limit order, muziika nokha mtengo womwe simukufuna kupitirira. Aliyense wokulonjezani phindu lokhazikika mwezi uliwonse pa Telegram kapena WhatsApp ndi wakuba, masheya salonjeza.

Za msonkho pang'ono: amene si nzika ya America ndipo sakhala kumeneko amasaina fomu ya W-8BEN, ndipo pa madividendi, phindu lomwe kampani imagawira eni masheya, America imadula 30 peresenti pokhapokha ngati pali pangano la misonkho lotsitsa. Masheya a ku America akapitirira madola 60,000, mwiniwake akamwalira pamatha kukhala msonkho pa chuma chamasiye. Muwerengerenso zomwe amakudulani posintha ndalama kupita ku madola ndi pobwerera.

Nditumizireni kumbali kuti ndi ndalama zingati komanso mudzazifuna liti, tiwerengere limodzi gawo lomwe lingalowe.