Foni ili pamutu pa bedi, makina akuti mwachoka

Funso: Kunyumba kwanga ndinaika Home Assistant, pulogalamu yoyendetsa zipangizo za m'nyumba, pa kakompyuta ka Raspberry Pi kuti tonse tikachoka izizimitsa mafani ndi magetsi. Koma usiku tili gone fani imangozima yokha, ndipo m'mawa ndimapeza yalemba kuti ndinachoka. Chalakwika n'chiyani? Bambo wa ku Nchalo

Yankho: Bambo, makinawo saona inuyo ayi, amaona foni yanu pa Wi-Fi. Foni ikakhalitsa osagwidwa imagoneka Wi-Fi posunga batire, ndiye ping, kauthenga kofunsa ngati foni ilipo, ikaiitana siyankha. Home Assistant imadikira masekondi 180 basi n'kulemba kuti mwachoka. Mu Home Assistant pezani pamene palembedwa consider home, nthawi yodikirayo, muike masekondi 600 kapena 900. Bola fani ichedwe kuzima mukatuluka kusiyana n'kudzuka thukuta lili kamukamu mu Okutobala.

Musanasinthe china, onani mbiri ya usikuwo mu Home Assistant. Ngati wasowa ndi munthu mmodzi, vuto ndi foni yake. Ngati nonse mwasowa mphindi imodzimodzi, ndi rauta: magetsi anaphethira. Rauta ikayakanso imagawa mwatsopano manambala a IP, omwe ndi maadiresi a zipangizo pa netiweki, foni yomwe inali pa 192.168.1.23 n'kupezeka pa 192.168.1.31, ping n'kumagogodabe pakhomo lakale. Lowani m'rauta, pa DHCP, gawo logawa manambalawo, mumangirire foni iliyonse nambala yakeyake. Muguleko ka UPS kakang'ono, kabatire kopatsa rauta moto magetsi akathima, koma werengani kaye pa chaja yake ngati ndi ya 12V kapena 9V.

Kumangirirako sikugwira ngati adiresi ya MAC, yomwe rauta imazindikirira foni, ikusintha. Kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14, foni zimadzipekera adiresi pa netiweki iliyonse. Ngati rauta yanu ili ndi mayina awiri, la 2.4 GHz ndi la 5 GHz, foni imodzi imaoneka ngati alendo awiri. Zimitsani adiresi yopekayo pa Wi-Fi ya pakhomo yokha, kwina konse isiyeni.

Funso: Agogo ali ndi kafoni ka mabatani kopanda Wi-Fi. Ife tikapita kuntchito makina amawazimitsira fani. Tichite bwanji? Mayi wa ku Bangula

Yankho: Mayi, agulireni kathagi ka Bluetooth, kaja kamayendera batire ya CR2032, mukamangirire ku makiyi awo. Muwafotokozere kaye ntchito yake, asadzadabwe kuti akulondedwa. M'nyumba muike tizipangizo ta ESP32, kamodzi kapena tiwiri, tokhala ndi pulogalamu ya ESPresense kuti tizimvetsera kathagiko. ESP32 wamba imalowa pa Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, choncho musazimitse 2.4 GHz pa rauta.

Malo oikapo ndiwo amavutitsa. Malata ndi mageti achitsulo amatchinga mafunde, khoma la njerwa zootcha limawafooketsa. Agogo akakhala pamphasa pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba, kachipangizo ka pabalaza sikangawamve. Ikani kena pawindo loyang'ana komweko, pamwamba pang'ono. M'siling'i musayese: kutentha kwa kuno pansi pa malata kumapha zipangizo, ndipo Raspberry Pi ikafika madigiri 80 imayamba kudzichepetsa liwiro yokha.

Tsiku lomwe makiyi atsala m'chitenje china, makina adzanenabe kuti pakhomo palibe munthu. Ife tikanati fani ya kuchipinda kwa agogo ichotsedwe pa lamulo lozimitsa mafani anthu akachoka, aziyatsa ndi kuzimitsa okha pa switchi.