Katundu wa ku Lilongwe pa chipata cha Mwami

Funso: Ndimakhala ku Chawama muno mu Lusaka, ndipo mwezi wamawa ndikupita kukaona achibale ku Lilongwe. Ndikufuna kubwerako ndi zitenje, mpunga wa Kilombero ndi usipa wouma. Kodi a kasitomu akandilipiritsa msonkho? Mayi wa ku Chawama

Yankho: Amayi, chimene ofesala wa ZRA, bungwe lotolera misonkho muno mu Zambia, amayang'ana ndi chakuti katunduyo ndi wanu wogwiritsa ntchito kunyumba kapena ndi wamalonda. Zitenje zochepa zamaluwa osiyanasiyana zingalowe popanda msonkho, bola mtengo wa katundu yense usapitirire malire amene lamulo limapatsa wapaulendo. Koma mpukutu wa zitenje zofanana, zomata mapepala a kufakitale, palibe ofesala amene angavomere kuti ndi zovala zanu. Pamenepo mudzalipira msonkho wa kasitomu pamodzi ndi VAT ya 16 peresenti.

Ngati cholinga n'kudzagulitsa, nenani poyera. Pa Mwami, chipata cha pamalire a Zambia ndi Malawi, pomwe maofesi a mayiko onse awiri anayamba kugwirira ntchito pamodzi mu 2022, pali ndondomeko ya COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa) yothandiza amalonda ang'onoang'ono amene katundu wawo sapitirira madola 2,000 a ku America. Imakhudza katundu wopangidwa kapena wolimidwa m'dziko loyandikanalo amene ali pamndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, choncho zitenje zochokera ku China sizilowamo, ngakhale mwazigula mumsika wa Lilongwe.

Mpunga ndi nsomba zikachuluka zimafuna chilolezo cha a zaulimi ndi a zanyama, chomwe ndi bwino kufunsiratu musananyamuke. Malisiti onse muwasunge m'chikwama chapamanja, chifukwa mukapanda kuwaonetsa ofesala amadziikira yekha mtengo.