Kafukufuku wa zamagetsi kapena ntchito ku ZESCO?

Mtsikana wina amene akumaliza digiri ya uinjiniya wa zamagetsi pa UNZA (University of Zambia) wanditumizira imelo. Akuti mtima wake uli pa kafukufuku wa magetsi a dzuwa ndi mmene amalowera pa gridi (mawaya onse ogawira magetsi m'dziko), ndipo akufuna kudzakhala lekichara. Koma kunyumba akumuuza kuti afune ntchito ku ZESCO, kampani ya boma ya magetsi, kapena kumigodi, za PhD n'zochedwetsa. Akufunsa kuti atsate iti.

Achemwali, makolo anuwo sakunena zoipa. Ine ndikuti yambani mwagwira ntchito zaka ziwiri kapena zitatu, mulembetse ku EIZ (bungwe la mainjiniya m'Zambia), kenako mubwerere kusukulu. Funso labwino la kafukufuku limapezeka ku substation (malo osinthira mphamvu ya magetsi ndi kuwagawa), ndipo gridi yathu ili ndi mafunso ambiri osayankhidwa.

Magetsi ambiri a m'Zambia amachokera kumadzi: Kariba North Bank imatha kupanga 1,080 MW (mamegawati), Kafue Gorge 990 MW, Kafue Gorge Lower 750 MW. Chilala cha 2024 chitachepetsa kwambiri madzi a Kariba, madera ena muno mu Lusaka ankakhala maola 21 pa tsiku opanda malaiti. Ndiye aliyense akuti tiike mapanelo a sola basi. Tinayamba kale ndi masiteshoni a sola a Bangweulu ya 54 MW ndi Ngonye ya 34 MW mu 2019, kum'mwera kwa mzinda uno. Vuto n'lakuti gridi imayenera kukhala pa frequency (liwiro limene magetsi amasinthira mbali) ya 50 Hz nthawi zonse. Makina a ku Kafue ndi zitsulo zolemera zozungulira, kotero chingwe chachikulu chikaduka kapena mgodi ukayatsa makina ake mwadzidzidzi, kulemera kwawoko kumagwiriziza frequency kwa timasekondi mpaka zinthu zikhazikike. Inverter wamba ya sola, chida chosintha magetsi a mapanelo kuti alowe pa gridi, ilibe zimenezi. Kodi tingaike sola yochuluka bwanji gridi isanayambe kugwedera? Ameneyo ndi PhD wathunthu.

China, anthu timafuna magetsi kwambiri madzulo pophika nsima, dzuwa litalowa. Nzeru ndi kusunga madzi m'damu masana sola ikugwira, n'kuwatsegula usiku. Koma madzi a Kariba amagawidwa ndi Zambezi River Authority pakati pa ife ndi Zimbabwe, ndipo timagulitsana magetsi ndi mayiko oyandikana nawo kudzera mu SAPP (Southern African Power Pool), yomwe inayamba mu 1995. Masamu ake si apafupi. Palinso mathiransifoma a m'makomboni, amene anaikidwa kuti magetsi aziyenda mbali imodzi, pamene tsopano mapanelo a padenga akufuna kubwezera magetsi ku gridi.

Za ntchito ya ulekichara ndisakunamizeni. Popanda masters simulowa, popanda PhD ndi mapepala osindikizidwa simukwera. Makalasi ndi aakulu, kuchonga mayeso kumadya nthawi ya kafukufuku, ndipo anzanu a kumigodi adzayamba ndiwo kumanga nyumba. Phunzirani mapulogalamu a pa kompyuta a Python ndi MATLAB panopa, komanso pulogalamu ngati PowerFactory yoyesera gridi pa kompyuta. Maphunziro aulere a Commonwealth ndi a DAAD (bungwe la ku Germany) alipo, koma posankha yang'anani kwambiri amene adzakuyang'anireni kusiyana ndi dzina la yunivesite.

Chimene chimasowetsa mtendere ofufuza ambiri ndi data yeniyeni ya gridi, chifukwa makampani saipereka wamba kwa mlendo. Mukagwirako ntchito mudzadziwa khomo loti mugogode ndi chilolezo chimene muyenera kupempha, ndipo muyambe kukambirana zimenezo musanatsanzike.