Getsi la check engine layaka ndiye akuti tingochotsa babu? Ayi achemwali, musalole

Achemwali ena a ku Area 25 anditumizira imelo sabata yathayi. Ali ndi Corolla ya 2003, getsi lachikasu la check engine lija layaka osazimanso, galimoto ikuyenda bwinobwino, ndiye amakaniko awo awauza kuti galimoto zakale ndi momwe zimachitira, angochotsa kababu kumbuyo kwa dashibodi nkhani ithe. Funso lawo ndi loti kodi alole?

Achemwali, nditawerenga ndinapsa mtima, osati ndi inu ayi, koma ndi mawu oti tingochotsa babuwo, chifukwa ine zimenezi zinandidyera ndalama zoopsa. Galimoto yanga yoyamba inalinso Corolla, ndinagula kwa munthu wina wogulitsa magalimoto ku Limbe, yonyezimira, mipando yaukhondo, pa dashibodi palibe getsi ngakhale limodzi. Koma mafuta inkamwa modabwitsa, ndipo pokwera phiri lochokera ku Chikwawa kubwera mu Blantyre inkachita kunjenjemera, ukaponda moto iyo kumangolira osapita, ma minibasi odzadza kumandipitirira. Wina anati ndi mapulagi tinasintha, wina anati fuel pump tinagula, wina mpaka anati injini yatha tiyiphwasule. Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wina wa zamagetsi a galimoto ku Ndirande. Iye sanatsegule n'komwe boneti, anangokhala pampando, kutembenuza kiyi osaliza injini, kuyang'ana dashibodi, kenako akuti bwana getsi lanu la check lili kuti? Atamasula dashibodi tinapeza katepi kakuda kamagetsi komatidwa bwinobwino pamwamba pa babu, kodulidwa ndi sizasi mosamala, munthu anachita kukhalira pansi kuti abise. Titachotsa tepi getsi linali likuyaka nthawi yonseyi. Koilo imodzi, kachipangizo kopereka moto ku pulagi, inali itafa, petulo wosapsa ankapita ku ekizozi mpaka anawotcha catalytic converter, kabokosi ka pa ekizozi koyeretsa utsi.

Ndiye mundimvetse ndikamati makaniko wochotsa babu si makaniko. Poyamba ndimafuna ndilembe kuti mwina ena amachita posadziwa, koma ayi, amadziwa. Amadziwa kuti kompyuta ya galimoto yaona vuto ndipo yalemba nambala yake, iwo safuna kuvutika kuwerenga, kapena alibe makina ndipo akuchita manyazi kukutumizani kwa mnzawo amene ali nawo. Choipa kwambiri n'choti getsilo ndi limodzi koma mavuto amene limanena alipo mazanamazana. Lero layakira kanthu kakang'ono, mawa kukabwera chachikulu mudzadziwa bwanji babu mulibe? Zili ngati kumanga mwana pakamwa kuti asalire m'malo momuyeza malungo.

Komanso zoti galimoto zakale zimangotero ndi bodza. Ya 2003 si yakale pa nkhani imeneyi. Ku America anakhazikitsa lamulo loti galimoto zonse zatsopano zikhale ndi OBD-II, njira yowerengera nambala za mavuto polumikiza makina pa soketi, kuyambira 1996, ku Ulaya za petulo zinatsatira mu 2001, ndipo ma Toyota a ku Japan a zaka zimenezi ali ndi soketi yomweyo ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero. Ngakhale ma Corolla a m'ma 1990 aja, umalumikiza kawaya pakati pa timabowo totchedwa TE1 ndi E1 mu kabokosi ka DIAGNOSIS mu boneti, getsi lija limaphethira, iwe n'kumawerenga kuti laphethira kangati, nambala ya vuto ndi imeneyo. Akuluakulu akale m'magalaja ankazidziwa izi opanda foni opanda laputopu. Nanga wa lero akanike bwanji?

Apa ndipatuke pang'ono, nkhani ya mafuta. Nthawi imene petulo amasowa ija tonse tinathamangira wa m'zigubu, ndipo wina amakhala wothira parafini kapena wolowa madzi. Ngati getsi lanu linayaka mutangothira wa m'mbali mwa msewu, auzeni amakaniko zimenezo poyamba, musabise. Fumbi nalonso, makamaka miyezi ya Seputembala ndi Okutobala kwa ife oyenda misewu yadothi, limatseka air filter ndi kudetsa kasensa koyeza mpweya kaja amati MAF. Ndipo pali khalidwe lina lonyansa, galimoto kupita ku galaja kukakonzetsa zina, kubwerako m'kati mwa catalytic converter atakolopamo chifukwa muli platinum ndi palladium zimene amagulitsa. Ikayamba kulira mokweza ndi kununkha utsi itangochoka ku galaja, funsani mafunso.

Ndiye muchite chani

Choyamba onani ngati getsi langoyaka chiyakire kapena likuphethira. Likamaphethira injini ili mkati molira ndiye kuti silinda ina sikuwotcha bwino, chepetsani liwiro, imani, musapite nayo ulendo wautali. Ngati langoyaka ndipo galimoto sikutentha, getsi lofiira la oilo silinayake, mutha kuyenda mpaka kukafika pomwe pali makina a diagnosis, koma musadikire mwezi.

Akaika pa makina, muwone nokha nambalayo ndipo muyijambule pa foni asanafufute. Imayamba ndi P. P0301 mpaka P0304 ndi silinda imene ikudumphadumpha, ndipo pa injini ya 1NZ imene ili m'ma Corolla ambiri a 1.5 pulagi iliyonse ili ndi koilo yakeyake, ndiye makaniko wanzeru amangosinthanitsa makoilo awiri n'kuona ngati nambala yasamuka, musanagule chilichonse. P0420 ndi ya catalytic converter. P0171 ikutanthauza kuti mpweya wachuluka petulo wachepa, ndipo apa ndi pamene anthu amaberedwa kwambiri, amakuuzani mugule oxygen sensor yatsopano, sensa yoyeza mpweya mu utsi wa ku ekizozi, pomwe sensayo ikungonena zoona, vuto lili pa paipi ya mpweya yong'ambika, MAF yakuda kapena pampu ya petulo yofooka. Nambala imakuuzani koyambira kufufuza basi, sikuti ikutchula sipeya yoti mugule.

Pali kachipangizo kotchipa ka Bluetooth amati ELM327 kamene mumalumikiza ndi app ngati Torque pa foni, ine ndimayenda nako mu galimoto, kungoti galimoto zina zochokera ku Japan sizigwirizana nako, zikatero pitani kwa a zamagetsi amene ali ndi makina akuluakulu. Zochotsa waya wa batire kuti getsi lizime musavutike nazo, limazima lero n'kubweranso mkuja, ndipo mwafufuta umboni umene makaniko amafunika kuona.

Amakaniko anuwo auzeni mwaulemu kuti babu asalikhudze, mukufuna nambala kaye. Akakana kapena akayamba kukuzunguzani ndi nkhani zoti amayi simungazimvetse, tengani kiyi wanu mupite kwina. Mukaipeza nambalayo munditumizire pamodzi ndi makilomita amene galimoto yayenda komanso komwe munathira mafuta komaliza, tidzaone limodzi.