Chionetsero cha ojambula angapo: mutenge zithunzi ziti, nanga 30 peresenti ndi yochuluka?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Chibavi amene amajambula ndi penti. Waitanidwa kuti akaike nawo zithunzi zitatu pa chionetsero cha ojambula asanu ndi mmodzi m'nyumba ina yoonetseramo zaluso muno mu Mzuzu. Eni malowo akufuna 30 peresenti pa chithunzi chilichonse chimene chigulidwe. Iye akufunsa ngati kumeneku si kudyerana masuku pamutu. Akufunsanso kuti atenge ziti: za nyanja ndi asodzi zimene amagulitsa kwa alendo ku Nkhata Bay, kapena za akabaza ndi amayi a mumsika zimene amajambula kunyumba koma palibe anagulapo. Watumizanso zithunzizo kuti ndizione.

Achimwene, ndiyamba ndi funso lachiwirili chifukwa ndi limene landikhudza kwambiri. Tengani za akabazazo.

Ku Nkhata Bay mlendo amaima mphindi zochepa, amafuna kanthu koti akakumbukirepo Malawi, ndipo mumanenerera mpaka mugwirizane. Ntchito imeneyo ndi yabwino ndithu, imalipira lendi ndi fizi, musaisiye. Koma pachionetsero chithunzi chanu chidzapachikidwa pakhoma limodzi ndi za anzanu asanu. Ndikhulupirireni, mwa asanuwo atatu adzabwera ndi dzuwa likulowa m'nyanja, bwato, mayi atasenza mtsuko, ndiponso mlambe umene kuno kumapiri sitiuona n'komwe. Munthu woonerera akaona chithunzi chachitatu cha dzuwa lomwelo maso ake amangodutsa. Potuluka sakumbukira kuti wajambula chiti ndani, ndipo dzina lanu, limene ndi phindu lenileni la chionetsero chotere, latayika.

Zimenezi zinachitikapo kale ku Tanzania. Edward Saidi Tingatinga anayamba kujambula ku Dar es Salaam mu 1968, ndi penti ya njinga pa timabolodi, ndipo anamwalira mu 1972. Kajambulidwe kake kanali kakekake. Lero anthu ochuluka zedi amajambula nyama ndi mbalame zomwezo, zimagulitsidwa paliponse pamene pali alendo, koma wogula amangoti "ndagula Tingatinga", safunsa dzina la amene wagwira burashi.

Mwa zimene mwatumiza, chimene chandigwira mtima ndi cha wakabaza amene watifulatira, akudikira kasitomala. Wamanga jumbo pa khushoni ya pakaliyala kuti isanyowe, jekete lamukulira m'mapewa, ndipo patapata wake watha mbali imodzi ya chidendene. Munthu sangajambule zimenezo ngati sanaimepo pa siteji m'mawa wa mu June, kukuwaza kamvula, akuona ndi maso ake. Ndili ndi dandaulo limodzi lokha: thambo mwalipaka buluu wowala uja wa kunyanja. Dzanja lanu linazolowera. Kuno nkhungu ikakuta ku Katoto kumwamba kumakhala kotuwa, malata a dzimbiri ndi dothi lofiira lonyowa ndiye zimaonekera kwambiri. Mukakonza thambolo, jumbo ija idzawala yokha.

Amalawi amene dzina lawo lamveka kutali anatenga nkhani za pafupi. Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973 ndipo amakhala ku Johannesburg, amasoka zithunzi ndi tizidutswa ta silika, ndipo zambiri zimaonetsa iye mwini, mwana wake ndi moyo wa m'nyumba. Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Chancellor College, anatenga chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley, n'kupanga chosema chotchedwa Antelope chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Sindikunena kuti za akabaza zikufikitsani ku London. Mwinanso pachionetserochi sizigulidwa. Koma amene adzabwere, aphunzitsi a ku Mzuni, eni malo ogona alendo, ogwira ntchito m'mabungwe, adzadziwa kuti ku Chibavi kuli munthu amene amajambula Mzuzu, ndipo akafuna chithunzi mawa adzafunsa dzina lanu.

Zitatuzo zikhale zogwirizana, kaya pa mitundu kaya pa nkhani, kuti munthu akaziona patali adziwe kuti ndi dzanja limodzi. Musaike chimodzi cha nyanja pofuna kudzitchinjiriza, chidzangofooketsa zinazo. Funsaninso wokonza chionetsero kukula kwa khoma limene akupatsani musanasankhe.

Tsopano za ndalama. 30 peresenti si kuba. Ku Ulaya ndi ku America nyumba zoonetsera zaluso zimatenga ngakhale theka la mtengo. Chofunika ndi kudziwa chimene akukuchitirani pa ndalamayo. Ngati akupereka khoma, magetsi, munthu wokhala pamalopo tsiku lonse, kuitana anthu amene ali ndi ndalama zogulira, ndi kulengeza pa Facebook ndi pa wailesi, ndiye kuti aigwirira ntchito. Koma ngati akufunanso kuti mulipire malo, musindikize mapositala nokha, muitane anthu nokha, kenako atengenso 30 peresenti, pamenepo kambiranani bwino, ndipo mukambirane nonse asanu ndi mmodzi pamodzi, osati aliyense payekha.

Powerengera mtengo ambiri amalakwitsa pamenepa. Ngati mukufuna kutsala ndi K140,000, mtengo wa pakhoma ukhale K200,000, chifukwa 30 peresenti ya K200,000 ndi K60,000. Mukangowonjezera 30 peresenti pa K140,000 mupeza K182,000, ndipo akachotsapo yawo mutsala ndi K127,400. Mtengo umene mwalemba ukhalenso womwewo kulikonse nthawi yonse ya chionetsero. Wina akakulemberani pa WhatsApp kuti mugulitsane kumbali motchipa, mutumizeni kwa eni malo. Mzuzu ndi wochepa, nkhani yotere imamveka, ndipo sadzakuitananinso.

Musasiye chithunzi popanda pepala. Lembani dzina la chithunzi chilichonse, kukula kwake m'masentimita, mtengo, tsiku lodzatenga zosagulidwa, masiku amene adzadutse asanakupatseni ndalama yanu, ndi amene adzalipire chithunzi chikang'ambika kapena kusowa. Mulembenso ngati ali ndi ufulu wotsitsa mtengo asanakufunseni. Nonse musaine, aliyense atenge pepala lake. Kugulitsa chithunzi sikutanthauza kuti mwagulitsanso ufulu wochisindikiza pa makalendala kapena pa matisheti. Ufulu umenewo umakhalabe wanu pokhapokha mutaupereka polemba. Lamulo la zokopera la mu 2016 limateteza ojambula monga limatetezera oimba, ndipo bungwe la COSOMA, loteteza ufulu wa eni zaluso, ndi la inunso.

Pali mdani wina amene ojambula a kumalo ouma sakumudziwa ngati mmene tikumudziwira ife: chinyezi. Matabwa a paini a ku Chikangawa ndi opepuka, abwino kukokerapo chinsalu, koma ambiri amagulitsidwa asanaume. Felemu ya thabwa laliwisi imapindika pakapita masabata ochepa, ngodya imodzi n'kumachoka pakhoma, chinsalu n'kuchita makwinya. Gulani matabwa msanga, aume pamthunzi, ndipo musanakhome ikani felemuyo pansi posalala muone ngati ngodya zonse zinayi zikugunda. Tembenuzani zithunzi zimene zakhalitsa m'nyumba muone kumbuyo. Timadontho takuda kapena fungo la chuku ndi chizindikiro choti zinatsamira khoma lozizira. Musazikulunge m'pulasitiki masiku ambiri, ndipo musagunditse nyuzipepala kumaso kwa chithunzi, inki imamatirira. Ngati thambo lija mulikonze ndi acrylic, penti yosungunula ndi madzi, liuma tsiku lomwelo. Ngati ndi penti ya mafuta, m'nyengo yozizira imachedwa kwambiri, ndipo vanishi amadikira miyezi. Kuli bwino chipite chopanda vanishi kusiyana ndi kuchipaka chisanaume.

Tsiku lopachika mukhalepo. Pakati pa chithunzi pakhale pafupifupi masentimita 150 kuchokera pansi, mulingo wa maso a munthu woimirira, chifukwa ambiri amakonda kukweza kwambiri ngati akupachika wotchi. Onani kuti dzina lanu pa kapepala ka pambali lalembedwa molondola.

Pa tsiku lotsegulira musakabisale panja ndi anzanu. Imani pafupi ndi zithunzi zanu. Wina adzafunsa chifukwa chimene wakabazayo watifulatira, ndipo yankho lake mukhale mutaliganizira kale, m'mawu awiri kapena atatu, m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chingerezi malinga ndi amene wafunsa. Ndipo musananyamule zithunzizo kunyumba, zijambuleni ndi foni panja pamthunzi, chilichonse pachokha, molunjika, chifukwa chikagulidwa mwina simudzachionanso.