Amalume ayankha pa gulu la banja: kodi nkhani imadzilemba yokha?

Eya muphwa, ndamvera uthenga wako uja, ndamveranso wa amayi ako umene unatsatira pambuyo. Ndingoyankha ndi pakamwa nonse awiri, chifukwa kutayipa zonsezi ndi chala chimodzi kungandichere. Iwe wafunsa ngati zili zoona zimene ukuona pa TikTok, zoti ukamaliganizira kwambiri buku lako, n'kumakhulupirira ngati latuluka kale, chilengedwe chidzakubweretsera, komanso zoti alembi ena salemba okha koma pali mzimu umene umawauza mawu. Alongo anga, inu mwati zimenezo n'zausatana, mwana aleke kulemba. Tadekhani kaye nonse.

Zimene wazionazo amazitcha law of attraction, ndipo sizinayambe ndi foni ayi. Mu 1906 munthu wina wa ku America, William Walker Atkinson, anali atalemba kale buku lonena kuti maganizo amakoka zinthu zofanana nawo. Kenako mu 2006 mayi wina wa ku Australia, Rhonda Byrne, anatulutsa filimu ndi buku lotchedwa The Secret, n'kuzifalitsa dziko lonse. Mu filimu yoyambirira munali mayi wina, Esther Hicks, amene amati akatseka maso pamabwera gulu la mizimu lotchedwa Abraham n'kumalankhula kudzera mwa iye. Waona pamene zinthu ziwiri wafunsazi zakumana? Anthu ake ndi omwewo. Ndipo tamvetsera bwino, muphwa: mabuku awo amagulitsidwa, misonkhano yawo amalipiritsa pakhomo. Iwowo ndalama saziyembekezera kuti zigwe kumwamba. Amazitenga m'thumba mwa amene akuuzidwa kuti azingokhulupirira.

Sindikunena kuti maganizo alibe ntchito. Munthu amene wadziuza kuti sangathe sayamba n'komwe, zimenezo ngakhale agogo ako amazidziwa. Koma pali mphunzitsi wina wa za maganizo a anthu pa yunivesite ya New York, Gabriele Oettingen, amene wakhala akufufuza nkhaniyi zaka zambiri. Anatsatira ophunzira omaliza maphunziro amene ankafuna ntchito. Amene ankakonda kulota ali maso kuti ntchito aipeza kale, ali mu ofesi yabwino, ndi amene anatumiza makalata ochepa ofunsira ntchito, n'kuitanidwanso kochepa. Chifukwa chake n'chosavuta: mtima ukalawa kukoma kwa chinthu usanachigwirire ntchito, thupi limafooka, limayesa lafika kale. Malangizo ake ndi akuti uganizire chimene ukufuna, inde, koma nthawi yomweyo uyang'ane chimene chikukutsekereza, n'kukonza chochita chikakupeza. Kwa iweyo chokutsekereza ndikuchidziwa, ndi TikTok yomweyo.

Koma chimene chimandiwawa ine pa chiphunzitsochi n'china. Ngati zabwino zonse munthu amadzikokera ndi maganizo ake, ndiye kuti zoipanso wadziitanira yekha. Ndiye tinene kuti chilala cha 2024 chija, pamene chimanga chinauma chisanabereke mpaka boma kulengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, azakhali ako kumudzi anachikoka ndi maganizo oipa? Anadzala pa nthawi yake, feteleza anathira, anapalira, kutchalitchi anapemphera. Mvula sinabwere, basi. Munthu wogona m'chipatala ungapite kukamuuza kuti matenda unawaitana wekha? Imeneyo ndi nkhanza yovala suti.

Manje tibwere ku mizimu, pamene amayi ako achita mantha. Ine zolemba masewero a pa wailesi ndakhala nazo kuyambira usanabadwe, ndipo ndikuuze zoona, chinthu chimene anthuwa amanena chimachitikadi. Pamakhala usiku wina woti ukulemba, cholembera chikungothamanga, anthu a m'nkhani akuyankhana okha, iwe ukungotsatira pambuyo. Munthu amene unakonza kuti apepese kwa mkazi wake akukana kupepesa, ndipo ukuona kuti akulondola kukana. Ukadzuka m'mawa n'kuwerenga, umadzifunsa kuti ndalemba ndine izi? Mlembi aliyense amene wakhalitsa pa ntchitoyi akuuza zomwezo. Kuno kwathu sizachilendonso: oimba angati amati nyimbo inawadzera kumaloto? Ku Lundazi uko kuli vimbuza, munthu amavina n'kumalankhula zimene akadzatsitsimuka amati sanali iye. Zimenezo zili ndi eni ake ndi miyambo yake, ine sindizilowerera.

Ndinene za zanga zokha. Tsiku lina ndinali pa msika wa Kapata ku Chipata, mayi wina akugulitsa tomato, wayala timilu pa thumba la feteleza. Panabwera bambo wonenepa, makiyi a galimoto akuwazunguza pa chala, n'kuyamba kunenerera kuti amuchotsere mtengo, amuikirenso basela. Mayi uja sanakweze mawu. Anangopukuta tomato mmodzi ndi nsonga ya chitenje, n'kumubwezera pamwamba pa mulu, n'kunena kuti, "Atate, ndikakuchotserani apa, ana anga madzulo adyera nsima ulemu wanuwo?" Ndinaseka, n'kupita, n'kuiwala. Patapita nthawi yaitali ndikulemba sewero la mkazi wamasiye amene achibale a mwamuna wake akumulanda katundu, mawu aja anangotuluka m'kamwa mwake, atasintha pang'ono. Ndinachita tsemwe, ngati wina wandinong'oneza. Koma amene ananong'onezayo anali mayi wa tomato uja, amene ndinamusunga m'mutu osadziwa.

Ndiye ukandifunsa kumene mawu amachokera, yankho langa ndi limenelo. Zili ngati thobwa: limapsa usiku iwe uli mtulo, koma ngati sunaphike phala n'kuthira chimera masana, m'mawa upeza mtsuko uli gwa. Zimene unamva pa maliro, m'basi ya ku Katete, nthano za agogo zija za "padangokhala, tili tonse", mabuku amene unawerenga, zonsezo zimasakanikirana mkati iwe usakuona. Zikatuluka zimaoneka ngati za wina chifukwa sunazione zikupsa.

Ngakhale amene amakhulupirira mizimuyo ntchito saithawa. Mlakatuli wamkulu wa ku Ireland, W. B. Yeats, atangokwatira mu 1917, mkazi wake Georgie anayamba kulemba mawu amene ankati akuchokera kwa mizimu, dzanja likuyenda lokha. Anadzaza mapepala ambirimbiri. Koma buku limene linachokera m'zimenezo linatuluka mu 1925, ndipo Yeats mwini wake sanakhutire nalo, analikonzanso mpaka kulitulutsa kachiwiri mu 1937. Zaka 20, muphwa. Ngati mizimu inalipodi, ndiye kuti inamupatsa zosaphika, kuphika kunali kwake. Chinanso tayang'ana: Abraham wa mayi Hicks amalankhula Chingelezi cha ku America, ndipo nkhani zake ndi zimene anthu a kumeneko amakonda kumva, za chuma ndi thanzi. Mawu otere nthawi zonse amafanana ndi mwini pakamwa.

Alongo anga, inu musamulande mwana kope. Kulemba nkhani si kuitana chilichonse, ndipo kutengeka ndi nkhani mpaka kuiwala ndiwo pa moto si kugwidwa ndi mzimu. Inuyo mukamaimba ku kwaya misozi n'kumatsika, alipo anakuthamangitsani? Pamene ndikugwirizana nanu ndi apa: asayambe zokhala mu mdima n'kumaitana mayina a zinthu zimene sakuzidziwa chifukwa mlendo wa pa intaneti wanena. Ndipo tsiku lina akadzati akumva mawu enieni m'makutu, omulamula, omusowetsa tulo, imeneyo si nkhani ya luso, timutengere kuchipatala msanga, kupemphera tizichita tili m'njira.

Iwe muphwa, chita izi. Maphunziro a pa intaneti amene akukuuza kuti utumize ndalama pa foni kuti akutsegulire njira, usalipire, ngakhale ngwee imodzi. Gula kope la masamba ambiri pa shopu iliyonse, uziyenda nalo. Ukamva munthu walankhula mokoma, lemba pomwepo mmene wanenera, usakonze. M'mawa usanatsegule foni, lemba tsamba limodzi, likome lisakome. Masiku ambiri sipabwera chilichonse chodabwitsa, udzangokoka mawu ngati ukuzula chitsa, ndipo masiku amenewo ndi amene amachuluka m'buku lililonse limene unawerengapo. Ukamaliza mutu, uwerenge mokweza kwa ang'ono ako. Akayamba kuyasamula kapena kutola foni, ika chizindikiro pamenepo, ndi pamene pafunika kudula.

Nkhani ija unandiuza ya mtsikana wokwera njinga kupita ku Mwami kukagulitsa mandasi, nditumizire masamba atatu oyamba pofika Lamlungu. Ujambule ndi foni pamalo powala, osati ngati zithunzi za ukwati zija. Ndipo uwauze amayi ako andiimbire madzulo ano, tikambirane za mbewu za kumudzi.