Kodi ndisiye geni ya usipa chifukwa mneneri wanena kuti ndili ndi maitanidwe?

Ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa bambo wina wachinyamata amene amachita geni ya usipa ku Makawa, m'boma lino la Mangochi, ndipo wandilola kuti ndimuyankhe poyera popanda kutchula dzina lake. Mwachidule iye akuti: "Ndili ndi mkazi, ana awiri ndi mayi anga okalamba, ndipo onsewa amayang'ana kwa ine. Pa mapemphero a usiku wonse kuphiri, mneneri wina anandiloza pakati pa gulu n'kunena kuti Mulungu anandipatula kuti ndikhale mtumiki wake, ndiponso kuti mpamba wanga ukulowa pansi chifukwa ndikuthawa maitanidwe monga Yona. Anzanga ena akuti tipite ku Joni. Kodi cholinga cha Mulungu pa moyo wanga ndingachidziwe bwanji, nanga ndiyambire pati?"

Achimwene, musagulitse thandala lanu chifukwa cha mawu amene munamva usiku umodzi. Gawo lalikulu la zimene Mulungu akufuna kwa inu linalembedwa kale poyera, moti silifuna mneneri kuti alivundukule. Mika 6:8 akutchula kuchita chilungamo, kukonda chifundo ndi kuyenda modzichepetsa ndi Mulungu wanu, pamene 1 Timoteo 5:8 akunena mosapita m'mbali kuti munthu wosasamalira a m'banja mwake wakana chikhulupiriro. Kwa inu mawu amenewa amayesedwa m'mawa kudoko, mabwato a chilimira akangofika. Amayesedwa pamene mukuyeza usipa pachigoba, ngati mudzaze bwino kapena mubise woola pansi n'kuika wabwino pamwamba. Amayesedwanso madzulo, pamene amayi amene akhala padzuwa tsiku lonse akuyanika ndi kutembenuza nsomba zanu abwera kudzalandira ndalama zawo. Kuno ku Mangochi ambiri mwa anansi athu ndi Asilamu, ndipo chimene amaona mwa Mkhristu tsiku ndi tsiku ndi mmene amabwezera ngongole, mmene amalankhulira ndi antchito ake ndi mmene amakhalira ndi mkazi wake.

Za mpamba wanu ndinene motere. Yona anauzidwa momveka bwino kuti apite ku Nineve, iye n'kukwera dala chombo cha ku Tarisi. Inu simunauzidwe kanthu kotere kamene mukukana. Mpamba wa usipa umatha pa zifukwa zodziwika: mwera ukaomba masiku angapo asodzi salowa panyanja ndipo mtengo umakwera, nthawi ya dzinja nsomba zimaolera pathandala, galimoto yopita ku Limbe kapena ku Lilongwe imadya phindu, ndipo okongola ena sabweza. Gulani kope, muzilemba zimene mwagula, zimene mwagulitsa ndi zimene mwatapa kuti mudye kunyumba, ndipo pakatha miyezi ingapo mudzaona pamene ndalama zikuthawira.

Sindikunena kuti uneneri ndi wopanda pake. Pa 1 Atesalonika 5:20-21 Paulo akuletsa kunyoza mawu a uneneri, komanso pomwepo akulamula kuti tiziyesa zonse ndi kusunga zokhazo zimene zili zabwino. Taonani mmene Barnaba ndi Saulo anapatulidwira pa Machitidwe 13. Anthu awiriwa anali atakhala kale chaka chathunthu akuphunzitsa mumpingo wa ku Antiokeya, abale ankawadziwa bwino, ndipo Mzimu Woyera atalankhula, mpingo unasala kudya, unapemphera n'kuwasanjika manja. Munthu amene sadziwa dzina la mkazi wanu, amene sanakumvenipo mukufotokozera ana ndime imodzi ya m'Baibulo, sangalowe m'malo mwa mpingo umene umakuonani Lamulungu lililonse. Ndipo ngati mawu akewo akutsatana ndi pempho lakuti mubzale mbewu ya ndalama kuti maitanidwe anu atseguke, ine ndikanatembenuka pomwepo n'kubwerera kunyumba. Kumbukiraninso munthu wa ku Gerasa uja pa Marko 5, amene atachiritsidwa anapempha kuti akwere nawo m'ngalawa; Yesu anamukaniza, namuuza kuti apite kwawo kwa abale ake akawauze zimene Ambuye anamuchitira.

Mbiri ya boma lathu lino ili ndi phunziro pa nkhaniyi. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi itanyamula amishoni a ku Scotland, ndipo anamanga mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear, pafupi ndi mudzi wa Chembe. Pakati pawo panali Dr Robert Laws wa ku Aberdeen, amene ali mnyamata anaphunzira ukalipentala asanakhale dokotala ndi mbusa. Malungo anawasautsa kwambiri. Dr William Black anamwalira mu 1877, chimodzimodzinso Shadrach Mngunana, mmodzi wa alaliki achikuda amene anachokera ku Lovedale ku South Africa, ndipo manda a amishoniwo alipo mpaka lero. Patapita zaka zoposa zisanu anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, mu 1881, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Mneneri wa masiku ano akanaona manda amenewo akanati Mulungu sanawatume. Koma Laws anagwira ntchito m'dziko muno kufikira 1927, ndipo luso lake la zamanja linathandiza pomanga sukulu ya ku Khondowe, imene inaphunzitsa aphunzitsi, abusa ndi amisiri ambiri. Namalambe anatsala ku Cape Maclear kuyang'anira ntchito imene anzake anasiya. Nkhani yawo ikuonetsa kuti kuvuta kwa ntchito pakokha si umboni wakuti munthu wasochera, ndiponso kuti nthawi zambiri njira imaoneka munthu ali kale pa ulendo.

Ambiri amakonda Yeremiya 29:11, pamene Mulungu akunena za malingaliro abwino amene ali nawo pa anthu ake, koma amaiwala kuti mawuwa anali m'kalata yopita kwa akapolo a ku Babulo amene aneneri onama ankawalonjeza kuti abwerera kwawo msanga. Yeremiya anawauza kuti padzapita zaka 70, choncho amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kufunira mtendere mzinda umene akukhalamo.

Ngati mumtima mwanu muli njala yeniyeni yophunzitsa Mawu, iyeseni pa ntchito. Yambani mwakhala pansi ndi mayi a kunyumba, chifukwa iwo ndi amene adzasenze mtolo waukulu mukasiya geni. Kenako pitani kwa abusa ndi akulu a mpingo wanu, muwafotokozere zonse, ndipo muwapemphe kuti akupatseni kalasi ya Sande sukulu, kapena muzitsogolera mapemphero a kumlaga ndi kuyendera odwala. Chitani zimenezi kwa chaka chathunthu, kuphatikizapo miyezi imene kulibe wokuyamikirani. Mukaona kuti anthu akuthandizika, khalidwe lanu likugwirizana ndi zimene 1 Timoteo 3 akunena za woyang'anira mpingo, ndipo akulu ayamba okha kukutumani, pamenepo mukhoza kuganiza za sukulu. Bungwe la TEEM la ku Zomba limaphunzitsa za umulungu munthu ali kwawo, ndipo mipingo ikuluikulu ili ndi njira zake zosankhira opita ku sukulu ya ubusa. Paulo mwiniwake ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila uku akulalikira pa Sabata, choncho palibe chokuletsani kutumikira muli ndi fungo la usipa m'manja.

Za ku Joni, kupita si tchimo, ndipo ambiri a kuno amanga nyumba za malata ndi ndalama za kumeneko, ngakhale kuti tikudziwanso mabanja amene anatha ndi anyamata amene anabwezedwa chimanjamanja atasungidwa ku Lindela, malo osungirako alendo amene akudikira kubwezedwa kwawo. Yakobo 4:13-15 akulankhula ndi anthu onga inu ndendende, amene amati tipita ku mzinda wakutiwakuti, tikakhala chaka, tikachita malonda n'kupindula, ndipo akuwauza kuti azinena kuti Ambuye akalola. Musanakwere basi, funsani kuti adzasamalira mayi anu ndani akadwala, ana adzadya chiyani miyezi imene mudzakhala musanapeze ntchito, mudzapemphera kuti, ndiponso ngati pasipoti ndi zikalata zanu zili m'malo. Mayankho ake muwapeze pamodzi ndi akazi anu ndi ankhoswe, osati ndi anzanu a ulendowo okha.